Air fryer ikamatentha mopyola muyeso, yambani mwaona izi

Air fryer yalowa m'malonda a anthu ambiri. M'mashopu a zamagetsi ku Limbe, ku Area 2 mu Lilongwe ndi mu Mzuzu makinawa akupezeka atsopano ndi akale omwe. Ena amabwera ndi anthu okapikula katundu ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam, ena amatuluka m'makontena a katundu wogwirapo kale ntchito. Amayi ogulitsa samusa ndi soseji m'maofesi, eni timalesitilanti ndi ootcha nkhuku ayamba kuwakonda chifukwa samwa mafuta ngati chiwaya, ndipo aliyense akudziwa momwe botolo la mafuta ophikira limadyera mpamba.

Vuto lomwe limasowetsa mtendere eni makinawa ndi kutentha kopyola muyeso. Wina makina amamuzimira pakati pa ntchito makasitomala ali pamzere. Wina chakudya chimapserera kunja m'kati muli mwazi. Winanso amangoona pulagi yasungunuka pa soketi. Zonsezi anthu amangoti "yayamba kutentha", koma ndi matenda osiyana ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Ambiri mwa mavutowa mungathe kuwapeza nokha musanalipire mmisiri. Ochepa okha ndi amene amafuna kutsekula makina, ndipo amenewo tiwatchula kuti musawayambe nokha.

Momwe makinawa amagwirira ntchito

Ngakhale dzina lake likunena za kukazinga, air fryer ndi kauvuni kakang'ono kokhala ndi fani yamphamvu. Kampani ya Philips ndi yomwe inatchukitsa makina a mtunduwu itawaonetsa koyamba ku Berlin mu 2010. Pamwamba pa kabasiketi koikamo chakudya pali elementi yopindika ngati ya pa hotipuleti. Pamwamba pa elementiyo pali fani yomwe imakankhira mpweya wotentha pa chakudya. Mpweya wozizira umalowera pamwamba pa makina ndipo wotentha umatulukira pa timabowo ta kumbuyo.

Pali alonda awiri oyang'anira kutentha. Woyamba ndi thermostat, kapena sensa m'makina a mabatani ongodina. Ntchito yake ndi kuzimitsa elementi kutentha kukafika pomwe mwatchera, n'kuiyatsanso kukatsika. Wachiwiri ndi kafyuzi kakang'ono ka kutentha, komwe amisiri amakatcha thermal fuse. Kameneka kamaduka kamodzi kokha, pamene kutentha kwadutsa malire oti makina angayake moto. Kakaduka makina sayakanso mpaka kasinthidwe.

Kotero makina akamatentha kwambiri, chimodzi mwa zinthu zinayi chalakwika: mpweya sukuyenda, mafuta aunjikana m'kati, magetsi akulowa molakwika, kapena mmodzi mwa alonda aja wasiya ntchito. Tiyamba ndi zomwe sizifuna ndalama.

Dziwani kaye chomwe chikutentha

Musanagwire chilichonse, yang'anani ndi kununkhiza. Utsi woyera wonunkhira ngati nyama yootcha umachokera ku mafuta. Umenewo ndi vuto la ukhondo kapena la mtundu wa chakudya. Utsi wakuda kapena wobiriwira, wonunkha ngati pulasitiki kapena tayala lopsa, umachokera ku mawaya. Mukaona umenewu zimitsani pa soketi nthawi yomweyo, zulani pulagi, ndipo musayatsenso mpaka mmisiri aone.

Makina atsopano amatha kutulutsa kafungo ka pulasitiki pa maulendo awiri kapena atatu oyamba, kenako kamatha. Fungo loyamba mwadzidzidzi pa makina omwe agwira ntchito miyezi ingapo si lachilendo chotero, ndi chenjezo.

Mvetseraninso phokoso. Air fryer yabwino imawomba mpweya mosalekeza kuyambira pomwe mwaiyatsa. Ngati ikungolira chapansipansi osawomba, kapena ikukwecha ngati china chake chikukhula m'kati, vuto lili pa fani.

Pomaliza gwirani pulagi ndi chingwe makina atagwira ntchito mphindi 10. Kufunda pang'ono si vuto. Koma pulagi yomwe simungaigwire kwa kanthawi osachotsa dzanja ikukuuzani kuti vuto lili kukhoma, osati m'makina.

Malo omwe mwaiika

Timashopu tambiri ndi topanikizika, kotero makina amakankhidwira pakona, pansi pa shelefu kapena pakati pa fuliji ndi makatoni a zakumwa. Mpweya wotentha ukatuluka kumbuyo n'kugunda khoma umabwerera m'makina momwemo. Mabuku a makina ambiri amalangiza kusiya mpata wosachepera masentimita 10 kumbuyo, m'mbali ndi pamwamba. Kumeneko ndi kutambalala kwa chikhatho cha munthu wamkulu. Pamwamba pa makina musaikepo mbale, nsalu kapena majumbo, chifukwa m'pamene pamalowera mpweya woziziritsa mota.

Pansi pakhale polimba ndi posapendekeka. Thebulo loyalidwa pulasitiki kapena chitenje si malo ake. Ngati thebulo lanu ndi la matabwa, ikanipo thailosi imodzi yaikulu. Onaninso kuti mpweya wa kumbuyo usamawombe pa soketi kapena pa chingwe cha makinawo, chifukwa umafewetsa pulasitiki pang'onopang'ono.

M'miyezi ya October ndi November, kashopu ka malata kamakhala kotentha kale makina asanayatsidwe. Air fryer yomwe inkagwira bwino mu June ikhoza kuyamba kuzima yokha nthawi imeneyi. Isunthireni pafupi ndi zenera kapena pakhomo pomwe pamadutsa mphepo, koma osati padzuwa.

Mafuta ndi litsiro

Anthu ambiri amatsuka kabasiketi kokha. Koma nkhuku ndi soseji zikamapsa, mafuta amathovukira m'mwamba n'kumata pa elementi, pa fani ndi pa sensa. Pakapita masabata mafutawo amauma n'kukhala chikhungu chakuda. Chikhunguchi chimafuka utsi, chimalemetsa fani, ndipo chikakuta sensa imachedwa kumva kutentha. Elementi imapitiriza kuyaka pomwe inayenera kuzima.

Kuyeretsa kwake n'kosavuta. Zulani pulagi, dikirani makina azizire kwa theka la ola, chotsani kabasiketi, kenako gadamitsani makinawo pa nsalu kuti elementi ioneke. Pukutani ndi kansalu kofinyidwa bwino koviika m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale. Pomwe pauma kwambiri pakani phala la soda wophikira, mudikire pang'ono, kenako mukweche ndi mswachi wakale. Musathire madzi m'kati ndipo musamize makinawo m'beseni. Asiyeni aume bwinobwino musanawayatse. Kwa munthu wogulitsa chakudya tsiku ndi tsiku, ntchitoyi ndi ya sabata iliyonse.

Kabasiketi musakakweche ndi sitiwulu kapena mchenga monga timachitira ndi mapoto. Utoto wake wakuda ukachoka chakudya chimayamba kumata, ndipo zomatazo ndi zomwe zimapsa ulendo wotsatira. Kavikeni m'madzi otentha a sopo, litsiro lichoka lokha.

Pakati pa ulendo wina ndi unzake khuthulani mafuta omwe adontha pansi pa thireyi. Mafuta a soseji akatenthedwa kachiwiri ndi kachitatu amafuka utsi ndipo angathe kuyaka. Pootcha zakudya zonona thirani masupuni awiri a madzi pansi pa thireyi kuti mafuta odontha asapse.

Timabowo ta kumbuyo natonso timatsekeka ndi fumbi losakanikirana ndi mafuta, makamaka pa malo a m'mbali mwa msewu. Tipukuteni ndi burashi youma. Mphemvu zimakonda kubisala m'makina ofunda okhala ndi zotsalira za chakudya, ndipo makoswe amatafuna chingwe usiku. Mukaweruka, makina akazizira, avindikireni kapena muwabwezere m'katoni yake.

Kudzaza kabasiketi

Kasitomala akachuluka, mtima umafuna kuthira tchipisi mpaka pakamwa. Mpweya ukalephera kudutsa pakati pa chakudya, kutentha konse kumaunjikana pamwamba. Zapamwamba zimapserera, zapansi zimatsala zaziwisi, ndipo chakudya chikakhudza elementi chimayaka. M'kabasiketi muli mzere wolembedwa MAX. Musadutse pamenepo, ndipo tchipisi muzichigwedeza pakati pa ulendo.

Chenjeraninso ndi mapepala ophikira ndi foyilo. Pepala lopanda chakudya pamwamba pake limauluzidwa ndi fani n'kukamata pa elementi, ndipo moto umabuka. Musaike pepala pamene mukutenthetsa makina opanda kanthu. Foyilo yokuta pansi ponse imatseka njira ya mpweya.

Zakudya za phala lamadzimadzi monga mandasi ndi zitumbuwa si za makinawa. Phala limadontha n'kupsa pansi. Zimenezo zisiyireni chiwaya. Majarini nayenso amafuka utsi msanga kuposa mafuta a mpendadzuwa kapena a soya, kotero popaka nkhuku gwiritsani ntchito mafuta ophikira ochepa chabe.

Pulagi, adaputa ndi ekisitenshoni

Apa m'pomwe pamayambira moto wambiri. Air fryer imakoka magetsi ngati ketulo kapena ayironi, osati ngati wailesi kapena tchaja ya foni. Yang'anani kachikwangwani ka pansi pa makina. Ambiri amalembedwa pakati pa 1,200W ndi 2,000W. Magetsi a ESCOM ndi a 230V. Mukagawa 1,500W ndi 230V mupeza kuti makinawo amakoka pafupifupi 6.5A, pomwe a 2,000W amakoka pafupifupi 8.7A.

Pulagi ya mano atatu amakona, yomwe timagwiritsa ntchito kuno, malire ake ndi 13A, kutanthauza pafupifupi 3,000W. Ekisitenshoni yonse imadutsira pa pulagi imodzi yomweyo ngakhale itakhala ndi mabowo asanu. Kotero air fryer ziwiri za 1,800W pa ekisitenshoni imodzi zadutsa kale malire. Air fryer imodzi pamodzi ndi ketulo n'chimodzimodzi. Ndipo maekisitenshoni ambiri otsika mtengo a pamsika ali ndi waya wowonda yemwe safika n'komwe pa 13A yolembedwayo. Waya wowonda akanyamula katundu wolemera amatentha ngati elementi.

Lamulo lake ndi limodzi: air fryer ikhale ndi soketi yakeyake ya pakhoma. Ngati soketi ili kutali, n'kwabwino kulipira wa zamagetsi akuikireni ina pafupi kusiyana n'kulumikiza zingwe. Ekisitenshoni yokulunga pa gudumu muziitambasula yonse, chifukwa chingwe chokulungidwa chimasunga kutentha.

Makina ochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, ndipo ena amabwera ndi ya mano awiri. Ambirife timangogula adaputa, kapena kutsekula bowo la pamwamba la soketi ndi kamtengo n'kukakamiza pulagiyo. Mano akamagwedera m'soketi magetsi amadumphadumpha, ndipo kudumphako ndi komwe kumasungunula pulasitiki. Pemphani wa zamagetsi adule pulagi yachilendoyo aike ya mano atatu amakona yokhala ndi fyuzi ya 13A. Waya wa bulauni ndi wamoto, wa buluu ndi wobwerera, wa girini ndi chikasu ndi wa pansi. Wachitatuyu asasiyidwe lende, chifukwa ndi amene amakutetezani waya wamoto akakhudza chitsulo cha makina.

Fyuzi ya m'pulagi ikamaduka kawirikawiri, onani nambala yake. Ya 3A kapena 5A singanyamule makina a 1,500W. Ngati ya 13A ikudukabe, m'makina muli vuto. Kukulunga fyuzi ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya kapena kuikapo kawaya n'kuchotsa mlonda pakhomo. Soketi yomwe yada, yasweka kapena yayamba kununkha isinthidwe ngakhale ikugwirabe ntchito, chifukwa idzawononganso pulagi yatsopano.

Makina opangidwira magetsi a kwina

Pa kachikwangwani komweko pali nambala ina yofunika kuposa zonse. Makina oyenera kuno amalembedwa 220-240V. A ku Britain ndi ku South Africa ali m'gulu limeneli. Koma a ku America ndi ku Canada ndi a 120V, ndipo a ku Japan ndi a 100V. Elementi ya 120V ikalandira 230V imatulutsa kutentha kochuluka pafupifupi kanayi kuposa komwe inapangidwira. Imafiira nthawi yomweyo, mota imapsa, ndipo makina amatha pa mphindi zochepa. Adaputa siisintha mphamvu ya magetsi, imangosintha mano a pulagi. Thiransifoma yoti inyamule 1,500W ndi yaikulu ndipo mtengo wake ungathe kuposa wa makinawo. Wachibale wa ku America akafuna kukutumizirani air fryer, muuzeni atumize ndalama mugule kuno.

Magetsi akazima makina ali pa ntchito, zimitsani pa soketi ndipo muzule pulagi. Akabwera dikirani mphindi zingapo kuti akhazikike. Makina a mabatani ongodina ali ndi kabolodi m'kati komwe sikapirira magetsi obwera mwamphamvu. Ogwiritsa ntchito jenereta kapena inveta aone mphamvu yake. Timajenereta tating'ono tosafika 1,000W sitinganyamule air fryer, ndipo inveta ya sola ya magetsi ounikira ndi wailesi yakanema imangozima kapena kupsa.

Fani ikafooka

Mukayeretsa makina, kuwapatsa mpata ndi kukonza pulagi koma akuzimabe okha, ganizirani za fani. Makina atazulidwa kukhoma ndiponso atazizira, agadamitseni n'kukankha fani ndi kamtengo kudzera pakati pa elementi. Iyenera kuzungulira mosavuta. Ngati yalimba, mwina mafuta auma pa mtengo wake wachitsulo, kapena kachidutswa ka foyilo kapena fupa kakodwa. Chokodwacho mungathe kuchichotsa nokha. Koma ngati fani ikuzungulira bwino ndi dzanja pomwe makina akayatsidwa siizungulira, kapena ikuyenda mwaulesi, mota yatopa. Pamenepo lekani kugwiritsa ntchito makinawo. Elementi yoyaka popanda mpweya imasungunula pulasitiki ya pamwamba pa mphindi zowerengeka.

Thermostat ikakakamira

Chizindikiro chake ndi chakuti chakudya chimapserera ngakhale mutatsitsa kutentha. Makina ambiri opotokola ali ndi kagetsi komwe kamayaka elementi ikamatentha n'kuzima kutentha kukakwana. Yesani motere: tcherani makina opanda kanthu pa madigiri 80 kapena 100 kwa mphindi zisanu muli pomwepo. Kagetsiko kayenera kuzima pakapita kanthawi, n'kumayaka ndi kuzima mosinthana. Ngati sikakuzima n'komwe, thermostat yakakamira. Njira ina ndi kuikamo kagawo ka buledi pa madigiri 100. Kakada bii pa mphindi zisanu, makinawo akutentha kuposa zomwe akuonetsa.

Makina a mabatani ongodina amaonetsa zilembo monga E1 kapena E2. Tanthauzo lake limasiyana malinga ndi kampani, koma kawirikawiri limakhudza sensa ya kutentha kapena waya wake. Zulani pulagi, dikirani theka la ola, yatsaninso. Zilembozo zikabwerera, pitani kwa mmisiri ndipo mumuuze zomwe zinalembedwa.

Thermostat yokakamira imakudyeraninso mayunitsi. Makina a 1,500W akayaka ola lathunthu osapumira amadya mayunitsi 1.5. Pa maola 6 patsiku ndi mayunitsi 9, ndipo pa masiku 26 a malonda ndi mayunitsi 234. Makina abwino safika pamenepo chifukwa elementi imapumira. Mukaona mita ikuthamanga kuposa kale pomwe malonda sanasinthe, yesani thermostat.

Zoti mugwirizane ndi mmisiri

Makina omwe anatentha kwambiri kenako n'kufa osayakanso, nthawi zambiri ndi kafyuzi ka kutentha kaja komwe kaduka. Musanapite kulikonse onani kaye ngati kabasiketi kakulowa mpaka kumapeto, chifukwa makina ambiri ali ndi kaswitchi kowaletsa kuyaka kabasiketi kakapanda kukhala bwino. Onaninso fyuzi ya m'pulagi.

Ngati ndi kafyuzi ka m'kati, pali zinthu zitatu zoti muumirire. Choyamba, mmisiri asangolumikiza mawaya awiriwo n'kukataya kafyuziko. Makina amayakadi ndipo mumalipira zochepa, koma mwatenga makina opanda chitetezo chomaliza. Tsiku lomwe fani idzaime, palibe chidzazimitse elementi. Chachiwiri, katsopanoko kakhale ka nambala zofanana ndi zolembedwa pa kakale, madigiri ndi mphamvu yomwe. Chachitatu, apeze chomwe chinakadula. Kafyuzi sikaduka popanda chifukwa. Akangosintha osakonza fani kapena thermostat, mubwereranso sabata yamawa.

Pemphani kuti akuonetseni chipangizo chomwe wachotsa, ndipo makinawo ayesedwe inu mukuona kwa mphindi zosachepera 15. Mawaya a m'kati mwa air fryer ndi okutidwa ndi nsalu yosapsa ndipo amalumikizidwa ndi timapini tofinya. Mmisiri wolumikiza ndi waya wamba n'kukulunga ndi tepi yakuda sakudziwa ntchito ya makina otentha.

Funsani mtengo ntchito isanayambe. Safunsa anadya phula. Kusintha pulagi, chingwe, kafyuzi kapena thermostat yopotokola n'koyenera kulipira. Koma ngati pulasitiki ya pamwamba yasungunuka, kabolodi kapsa kapena mota siikupezeka, ndipo mtengo wokonzetsa wadutsa theka la mtengo wa makina atsopano, ndalamayo isungeni muonjezere. Ngati makina akadali pa waranti musawatsekulitse kwa wina aliyense. Abwezeni komwe munagula pamodzi ndi risiti.

Moto ukabuka

Zimitsani pa soketi, kapena pa meni switchi ngati soketi ili pafupi ndi moto. Musatsekule kabasiketi, chifukwa mpweya ukalowa moto umakula. Musathire madzi. Madzi pa mafuta oyaka amamwaza moto, ndipo pa magetsi amapha. Gwiritsani ntchito chozimitsira moto cha ufa, kapena mchenga wouma. Ndowa ya mchenga pakona ya shopu siidula kanthu. Ngati pafupi pali silinda ya gasi kapena zigubu za mafuta ndipo moto ukukula, tulutsani anthu kaye.

M'misika yathu mashopu ndi ogundana ndipo ambiri ndi a matabwa ndi mapepala. Moto woyambira pa pulagi imodzi sufunsa kuti katundu ndi wa yani. N'chifukwa chake makinawa sayenera kusiyidwa akuyaka popanda munthu, ndipo poweruka pulagi izulidwe.

Kwa ogulitsa makinawa

Opikula katundu wakale akumbukire kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Air fryer yonyezimira kunja ingathe kukhala kuti mwini wake woyamba anaitaya chifukwa cha vuto lomweli. Musanalipire, werengani kachikwangwani ngati palembedwa 220-240V. Nunkhizani timabowo ta kumbuyo. Onani ngati pulasitiki yozungulira elementi yapindika kapena yasanduka yachikasu. Onani zomangira zake: zokwechekakwecheka zikusonyeza kuti wina anatsekulapo kale. Kenako iyatseni kwa mphindi 15, mumve fani ndi kuona ngati elementi ikupumira.

Makampani ena amaitanitsa makina awo akapezeka ndi vuto. Mu February 2023 kampani ya Cosori inaitanitsa ma air fryer pafupifupi 2 miliyoni ku America chifukwa cha malo olumikizira waya omwe ankatentha n'kuopseza moto. Katundu wotere angathe kulowa m'gulu la zinthu zakale zogulitsidwa kunja. Lembani dzina la kampani ndi nambala ya modelo pa Google n'kuonjezera mawu oti recall. Zimatenga mphindi imodzi ya bando.

Pogulitsa, yesani makina kasitomala akuona, mulembe risiti yokhala ndi nambala ya makinawo ndi masiku omwe angabweze. Muuzeni zinthu zitatu: soketi yakeyake, mpata kumbuyo, ndi kuyeretsa elementi. Makina ena obwezedwa amakhala kuti aonongeka ndi adaputa kapena mafuta, osati kuti anali oipa. Mukamasintha pulagi yachilendo musanagulitse n'kuphatikiza mtengo wake, mudzachepetsa mikangano. Kumbukiraninso kuti ogula ali ndi kokadandaula. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo okhudza katundu wosagwira ntchito ndi amalonda okana kubweza.

Kodi makina a pakhomo angapirire bizinesi?

Funso ili ndi lomwe lili pansi pa mavuto ambiri. Ma air fryer ambiri a m'mashopu anapangidwira banja lophika kamodzi kapena kawiri patsiku, ndipo mabuku ake amanena kuti si a malonda. Kampani ingathe kukana waranti ikadziwa kuti mumaphikira makasitomala. Kabasiketi ka malita 4 kamakwana tchipisi cha anthu awiri kapena atatu, ndipo ulendo umodzi umatenga mphindi 15 mpaka 25. Wogulitsa pa depoti kapena pa geti ya sukulu nthawi ya nkhomaliro sangakwanitse mzere ndi makina otere, ndipo akawakakamiza kuyambira m'mawa mpaka madzulo mota siichedwa kutopa.

Komwe makinawa amapindulitsa ndi pa maoda ochepa odziwikiratu, potenthetsa samusa ndi ma pie, komanso pootcha nkhuku ndi soseji zomwe zili kale ndi mafuta ake. Ngati malonda anu akukula, apatseni mpumulo wa mphindi 10 mpaka 15 pakatha maulendo awiri kapena atatu, kabasiketi kali kotsekula. Ngati mpamba ukulola, gulani awiri oti azisinthana, aliwonse pa soketi yake. Tchipisi cha anthu ambiri chisiyeni pa chiwaya kapena pa makina okazingira omwe anapangidwira ntchito imeneyo.

Lero mukaweruka, gadamitsani makina anu muone elementi, muwerenge kachikwangwani ka pansi, ndipo muyang'ane mano a pulagi ngati sanade. Mukapeza pulagi yakuda kapena soketi yosweka, musayatse mawa musanasinthe.